Mafunso Anu: Kuchoka pa Zozolowera Popanda Kuyesa Mulungu

Makalata a mwezi uno akuchokera kwa Akhristu amene aona kuti akhalitsa pamalo amodzi. Ena akuopa kusuntha n'komwe, ena akufuna kudumpha. Ayankha mafunsowa ndi abusa, aphunzitsi a Mawu ndi anamwino amene amathandiza tsamba lino. Mayina a olemba tabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 41, ndimapemphera CCAP ndipo ndinalowa Mvano kalekale. Ku mlaga kwathu andilemba kuti mwezi wamawa ndidzagawe Mawu. Chibadwire sindinapempherepo mokweza pagulu, ngakhale pemphero la chakudya ndimakankhira ana. Ndikaganiza za tsikulo m'mimba mumatentha. Ndikawauze kuti andifufute? — Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Mayi, musakawauze zimenezo. Pa Ahebri 5:12-14 akudzudzula anthu amene akhala nthawi yokwanira kukhala aphunzitsi koma akadali pa mkaka, ndipo vesi 14 ikunena kuti okhwima ndi amene nzeru zawo zinazolowera chifukwa chozigwiritsa ntchito. Kumvera maulaliki zaka makumi awiri kumadzaza mutu, koma pali kukula kwina kumene kumabwera pokhapokha pakamwa panu patatseguka.

Mantha amene muli nawowo asakunamizeni kuti Mulungu sakufuna. Mose anadandaula kuti ndi wa lilime lolemera (Eksodo 4:10), Yeremiya anati ndi mwana (Yeremiya 1:6), ndipo Paulo yemwe uja anafika ku Korinto ali wofooka, wamantha ndi wonjenjemera (1 Akorinto 2:3). Gideoni anagwetsa guwa la Baala usiku, atatenga antchito ake khumi, chifukwa masana ankaopa abale ake ndi anthu a m'mudzi (Oweruza 6:27). Anachita ali ndi mantha omwewo, ndipo ntchito inatheka.

Muli ndi masabata anayi, ndipo ndi okwanira. Sabata yoyamba, pemphero la chakudya mulilande kwa anawo. Ziganizo zitatu basi: kuthokoza, kupempha, kutseka m'dzina la Yesu. M'mawa mukamapemphera nokha, tulutsani mawu kuti khutu lanu lizimva. Ambiri amene amaopa kupemphera pagulu vuto lawo ndi lakuti mawu awo omwe amawadzidzimutsa, popeza anazolowera kupemphera chamumtima.

Sabata yomweyo sankhani ndime. Tengani nkhani, osati chiphunzitso chozama: Marita ndi Mariya (Luka 10:38-42), namondwe panyanja (Marko 4:35-41), akhate khumi (Luka 17:11-19) kapena Zakeyu (Luka 19:1-10). Nkhani imadziyendera yokha, ndipo mukasokonezeka mumadziwa pobwerera. Chivumbulutso ndi masomphenya a Danieli zisiyeni kaye. Ndime isapitirire mavesi 12. Muziiwerenga mokweza kamodzi tsiku lililonse, ndipo ngati kunyumba kuli Buku Lopatulika, bwerekaninso Buku Loyera kuti mawu akale amene akukuvutani muwaone m'Chichewa cha masiku ano.

Sabata yachiwiri, tengani tsamba limodzi la kope muyankhe mafunso atatu: chinachitika n'chiyani, nkhaniyi ikutiuza chiyani za Mulungu, nanga ife a mlaga uno tichite chiyani sabata ino? Pa zonse zimene mupeze, sankhani mfundo imodzi yokha. Zina zonse, ngakhale zokoma, zisungireni tsiku lina. Chiganizo choyamba ndi chomaliza muzilembe zathunthu, koma pakati mungolemba timitu. Chifukwa chake n'chakuti wolemba zonse amawerenga ataweramitsa mutu mpaka anthu kusinza, pamene wosalemba kalikonse amayamba bwino koma amasowa potera, n'kumangobwereza kuti “pomaliza” kanayi.

Sabata yachitatu, yeserani pamaso pa munthu mmodzi, kaya amayi a wapampando kapena mkulu wa mpingo wa dera lanu, ndipo foni iwerenge nthawi. Mphindi 8 mpaka 10 zakwana. Sabata yachinayi, pemphani kuti akupatseni pemphero lotsegulira pa mlaga wa sabata imeneyo, kuti tsiku logawa Mawu lisadzakhale loyamba anthuwo kumva mawu anu.

Tsikulo fikani msanga, ndime muiikiretu kapepala, nyimbo musankhiretu imene mumaidziwa bwino. Mawu adzanjenjemera mphindi yoyamba kapena ziwiri, kenako adzakhazikika okha. Zimene zimaononga kawirikawiri ndi izi. Kuyamba ndi kupepesa kuti “ine sindidziwa kuyankhula” kumachititsa anthu kusiya kumvera Mawu n'kuyamba kukumverani chisoni. Kutsanzira alaliki a pa wailesi, kukuwa ndi kuponya “Aleluya” paliponse pamene mwasowa chonena, kumatopetsa m'nyumba ya anthu 15. Choipa kuposa zonse ndi kulasa munthu ndi Mawu, kapena kupereka chitsanzo cha banja la mnzanu limene aliyense akulizindikira ngakhale simunatchule dzina. Mutu ukaima, werenganinso vesi mokweza, ganizo lidzabwerera. Wina akafunsa chimene simukuchidziwa, nenani kuti tikafunsa abusa, palibe manyazi pamenepo.

Mukamaliza, funsani munthu mmodzi wokhwima kuti akuuzeni chimodzi chimene chinayenda ndi chimodzi choti mukonze. Ngakhale Apolo, katswiri wa kuyankhula, anamutengera pambali Priskila ndi Akula n'kumuwongola (Machitidwe 18:26). Ndipo pemphani tsiku lachiwiri pasanathe miyezi itatu. Mukadikira chaka, manthawo adzamereranso.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 23. Anzanga a ku felowoshipu akuti ngati ndikufuna kukwera mlingo wina m'uzimu, ndipite nawo kuphiri tikasale masiku 21, sabata yoyamba popanda ngakhale madzi. Sindinasalepo ngakhale tsiku limodzi, komanso ndili ndi zilonda zam'mimba. Akuti kukayika kwangako ndi thupi. — Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, ulendo umenewo musapite. Kukayika kwanuko ndi nzeru. Satana anaika Yesu pamwamba pa Kachisi n'kumuuza kuti adumphe, mpaka anamuwerengera Salimo, koma Yesu anayankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako (Mateyu 4:5-7). Sikuti chilichonse choopsa ndi chikhulupiriro.

Thupi likhoza kupirira njala kwa kanthawi, koma ludzu ayi. Munthu akakhala masiku pafupifupi atatu osamwa madzi, impso zimayamba kuonongeka ndipo moyo umakhala pa chiswe. Paphiri, padzuwa la Okutobala, munthu akuimba ndi kutuluka thukuta, zimafulumira kuposa pamenepo. Ku Kenya mu 2023, m'nkhalango ya Shakahola anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene mtsogoleri wawo anawauza kuti asale mpaka akakumane ndi Yesu. Ambiri mwa iwo anali anthu ofunadi Mulungu.

Nambala ya 21 imene anzanu akutchulayo imachokera pa Danieli 10:2-3. Kawerengeni nokha. Danieli sanasiye kudya: anasiya zakudya zokoma, nyama ndi vinyo kwa masabata atatu. Estere ndiye anaitanitsa kusala popanda kudya ndi kumwa, koma anali masiku atatu okha, mtundu wonse uli pafupi kuphedwa (Estere 4:16).

Amene ali ndi matenda a shuga, zilonda zam'mimba, kuthamanga kwa magazi kapena khunyu, amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana ndi okalamba, asasale chakudya asanayankhule ndi dokotala. Ndipo mankhwala sasiyidwa chifukwa cha kusala, kaya wanena ndani.

Kwa munthu wathanzi amene akuyamba, njira yake ndi iyi. Dumphani chakudya chimodzi, monga nkhomaliro, tsiku limodzi pa sabata kwa mwezi wathunthu, madzi mukumwa. Nthawi imene mukanadya, mphindi 30 kapena 45, muithere pa pemphero ndi Mawu, apo ayi mwangokhala ndi njala basi. Ndalama kapena ufa wa chakudya chimenecho perekani kwa wosowa, monga Yesaya 58:6-7 akunenera. Mwezi wachiwiri mukhoza kusala kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Pomasula yambani ndi madzi, phala kapena nthochi, nsima ibwere patapita ola. Tchipisi, kanyenya ndi zakumwa za gasi pamimba yopanda kanthu zimabweretsa kupotokola. Ozolowera tiyi kapena khofi mutu umawawawa tsiku loyamba, zimenezo si ziwanda. Koma chizungulire chogwetsa, mtima kugunda mothamanga, mkodzo kuchepa kwambiri kapena kuyamba kuyankhula zosokonekera, pamenepo siyani kusala, imwani madzi, ndipo zikapitirira thamangirani kuchipatala.

Inuyo wa zilonda, kusiya mimba yopanda kanthu kukhoza kudzutsa ululu, ndipo mukadzaona chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Salani monga Danieli: idyani pa nthawi yake koma siyani nyama, shuga ndi zokazinga. Kapena salani chimene chakugwirani kwenikweni. Kwa anyamata ambiri a msinkhu wanu, sabata imodzi popanda TikTok, WhatsApp ya usiku ndi kubetcha mpira imawawa kuposa njala, ndipo imaulula zambiri za mtima. Musalengeze pa status kuti mukusala. Mateyu 6:16-18 anatseka kale nkhani imeneyo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndili ndi mkazi ndi ana anayi. Mlaliki wina wobwera anandilosera pa msonkhano kuti ndili ndi mayitanidwe, ndipo ntchito ya boma ndi imene ikunditchinga. Akuti ndituluke m'ngalawa ngati Petro. Mtima wotumikira ndili nawodi. Ndilembe kalata yosiya ntchito? — Mphunzitsi wa ku Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, cholembera chikhale kaye pansi. Petro sanangodumpha. Anayamba wafunsa kuti ngati ndinudi Ambuye, ndilamuleni ndibwere, ndipo anatuluka atamva yankho (Mateyu 14:28-29). Funso lanu likhale lomwelo: waitana ndi Ambuye kapena ndi mlendo wa pa msonkhano?

Malemba amapereka poyezera. Ku Antiokeya, Barnaba ndi Saulo anali kale pa ntchito yophunzitsa mu mpingo pamene Mzimu anawapatula, ndipo mpingo ndi umene unawasanjika manja n'kuwatumiza (Machitidwe 13:1-3). Mayitanidwe enieni amaonekanso kwa anthu amene amakudziwani tsiku ndi tsiku, osati kwa munthu amene wakuonani ola limodzi. Yesu anati womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo (Luka 14:28). Paulo ankasoka mahema ku Korinto uku akulalikira (Machitidwe 18:3), ndipo ndi yemweyo amene analemba mawu olimba aja okhudza munthu wosasamalira a pabanja pake (1 Timoteo 5:8).

Dzipatseni chaka chimodzi muli pa ntchito. Pitani kwa abusa anu mukapemphe utumiki umene ena amauthawa: Sande sukulu, kalasi ya obatizidwa, kulalikira ku nthambi yakutali yoyendera njinga, kuyendera okalamba. Mukatha miyezi 12 mukuchita zimenezi popanda malipiro, popanda maikolofoni, ndipo njala yotumikira ikadalipo, ndiye kuti pali kanthu. Yambaninso maphunziro osachoka pakhomo. Bungwe la TEEM limaphunzitsa zaumulungu anthu ali kwawo, ndipo mipingo yambiri ili ndi njira yakeyake yolandirira ofuna ubusa, imene imayambira pa mpingo wanu womwewo.

M'chaka chomwecho khalani pansi ndi mayi akunyumba, kope lili patsogolo. Lembani zimene banja limadya pa mwezi: chakudya, lendi, fizi, feteleza, chipatala. Ngongole zimene amadula pa malipiro ndi za katapila zithe kaye, ndipo musunge zokwanira miyezi isanu ndi umodzi. Kafunseni ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu kuti penshoni yanu idzayenda bwanji mukasiya panopa, komanso ngati n'zotheka kutenga tchuthi cha maphunziro m'malo mosiyiratu. Mayi akakana, musawatche Yezebeli. Njala ikadzalowa m'nyumba, woyamba kuyang'anizana ndi ana ndi iwowo.

Chenjerani ndi mlosi amene akukufulumizitsani, amene akuti musauze mkazi kapena abusa anu, kapena amene wayamba kale kutchula za “mbewu” yochokera pa ndalama zanu zopumira. Komanso tinene mosabisa: kwa ena, kusiya ntchito ndiye njira yophweka, chifukwa kalasi ya ana ochuluka yawatopetsa. Chovuta chenicheni chikhoza kukhala kufika pa nthawi yake, kuchonga makope onse ndi kukana kuonetsa ana mayeso pamene anzanu akutero.

FUNSO: Mu mphakati wathu timangoyenderana tokhatokha, anthu omwewo chaka ndi chaka. Tagwirizana kuti tiyambe kuyendera akaidi ndi odwala, koma palibe amene anachitapo. Tiyambire pati? — Mlembi wa mphakati, Zomba

YANKHO: Mwaganiza bwino, ndipo Mateyu 25:36 ndi Ahebri 13:3 ali kumbali yanu. Koma musayambe zonse ziwiri nthawi imodzi. Sankhani chimodzi muchigwire miyezi isanu ndi umodzi.

Ku ndende simungotulukira. Lembani kalata kwa mkulu wa ndendeyo, isainidwe ndi bambo mfumu, ndipo mudutsire kwa mbusa kapena wansembe amene amatumikira kumeneko, chifukwa ndi amene amadziwa masiku ndi malamulo ake. Funsiranitu zimene amalola kulowa nazo. Sopo, mafuta odzola, shuga, mchere ndi soya zimathandiza kwambiri, pamene malezala ndi zinthu za m'mabotolo agalasi zikabwezedwa pa geti. Tengani chitupa cha unzika, ndipo yembekezerani kusechedwa ndi kusiya foni panja. Mukalowa, musafunse munthu kuti analakwa chiyani. Musanyamule kalata, ndalama kapena uthenga wa mseri, ndipo musalonjeze za loya kapena belo zimene simungakwanitse. Magulu ambiri amathamangira kumeneko pa Khirisimasi pokha. Anthu asanu obwera mwezi ndi mwezi amadziwika ndi kukhulupiridwa kuposa basi yodzadza yobwera kamodzi.

Ku chipatala, tsatani nthawi yoonera odwala ndipo yambani mwalonjera anamwino oyang'anira wodi. Pa bedi limodzi pakhale anthu awiri kapena atatu, monga Yesu anatumira ophunzira awiriawiri (Luka 10:1). Pemphani chilolezo kwa wodwala musanapemphere, pakuti si onse a mpingo wanu, ena ndi Asilamu. Pemphero likhale lapansipansi, mphindi zisanu zakwana. Musampatse chakudya musanafunse, mwina akudikira opaleshoni kapena ali ndi shuga. Musajambule, ndipo pasapezeke wina wouza wodwala kuti wachira ataye mankhwala. Sambani m'manja polowa ndi potuluka. Musaiwale odikirira odwala amene amagona panja: mtolo wa nkhuni, ufa ndi ndiwo kwa mayi amene wachokera kutali n'kukhala masabata atatu ndi ulaliki wokwanira.

Mukabwerako khalani pansi mphindi 20 mukambirane zimene mwaona. Ena adzabwerako atasweka mtima, ndipo akapanda kuyankhula sadzapitanso.

FUNSO: Ine ndi achemwali anga sitiyankhulana, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi, chifukwa cha munda umene anasiya malemu mayi athu. Ndimatsogolera kwaya, ndimapereka chakhumi, koma ndikamva ulaliki wa kukhululuka ndimayang'ana pansi. Olakwa ndi iwowo. Ndiyambe ndine? — Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Inde mayi, yambani ndinu. Pa makalata onse a mwezi uno, lanu ndi limene lili ndi phiri lalitali. Yesu anati wobwera ndi chopereka akakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, asiye choperekacho pa guwa ayambe wakayanjana naye (Mateyu 5:23-24). Sananene kuti apite wolakwa yekha.

Nkhani ziwirizi muzilekanitse. Ubale ndi wanu awiri, munda ndi wa amalume, eni mbumba ndi amfumu. Mukazisakaniza, ulendo woyamba womwewo udzathera pa malire a munda. Tumizani mawu kudzera kwa amalume kapena munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza, kuti mukufuna kudzawaona. Musalembe pa WhatsApp, mawu olembedwa amawerengedwa ndi mkwiyo wa wowerenga ndipo amatumizidwa kwa ena. Pitani ndi kanthu m'manja, kaya shuga kaya nkhuku, ndipo musakhalitse, theka la ola lakwana.

Musananyamuke, lembani mbali yanu yokha: mawu amene munayankhula pa maliro, ana amene munawaletsa kupita kwa mayi awo aakulu, zimene munauza anthu. Pepesani pa zimenezo popanda kuwonjezera “koma inunso”. Mawu awiri amenewo ndi amene amagwetsa maulendo ambiri otere. Akayamba kukhuthula za kukhosi, mverani mpaka amalize.

Mwina sadzakulandirani. Aroma 12:18 akuti ngati n'kotheka, mbali yanu, khalani pa mtendere ndi anthu onse, kusonyeza kuti nthawi zina mbali inayo imakana. Zikatero musakakamize, koma pa matenda, pa maliro ndi pa chinkhoswe cha ana awo muzipezekapo, ndipo patapita miyezi itatu tumizaninso mawu. Ngati panali kumenyana kapena kuopsezana, musapite nokha, mukakumane kwa amalume kapena kwa abusa. Za mundawo mudzazitengere kwa amfumu tsiku lina, moni atayamba kuyenda pakati panu.